Kukonza mfuti ku Thyolo

Kukonza mfuti ndi ntchito yoyeza, kusamala, kubwezeretsa kapena kusintha zitsulo ndi mtengo wa mfuti kuti iziwomba bwino komanso kuti isavulaze woigwira. Munthu amene anaphunzira ntchito imeneyi amatchedwa mmisiri wa mfuti. M'Malawi amisiri otere ndi ochepa, ndipo ambiri mwa anthu amene anaiphunzira mokwanira amagwira ntchito m'nyumba zosungira zida za apolisi ndi za asilikali. N'chifukwa chake mwini mfuti wa ku dera ngati Thyolo, mfuti yake ikayamba kuvuta, amayesedwa kuti aikonze yekha kapena apite nayo kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika. Nkhani ino ikufotokoza kumene mfuti za m'derali zinachokera, zimene zimalakwika mfuti ikakonzedwa ndi munthu wosaphunzira, ndiponso zimene malamulo amanena.

Mmene mfuti zinafikira m'derali

Mfuti zinafika kum'mwera kwa Malawi tiyi asanadzalidwe. M'zaka za m'ma 1800 amalonda achiyao ndi Aswahili ankabwera nazo kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, n'kumasinthanitsa ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Achikunda a m'chigwa cha Zambezi analinso nazo, chimodzimodzinso Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'chigwa cha Shire, kumunsi kwa mapiri a Thyolo. Zinali mfuti zothira onga ndi chipolopolo kukamwa kwa mpope, n'kusinjirira ndi ndodo yachitsulo. Mfuti zoterezi ndi zimene anthu amati gogodela.

Gogodela ikawonongeka, ankaikonza ndi osula zitsulo a m'midzi, omwewo osula makasu ndi nkhwangwa. Ntchitoyi ankaitha ndithu, chifukwa mfutiyo inali ndi zitsulo zochepa ndipo onga wakuda wa nthawi imeneyo sunali waukali ngati wa masiku ano. Mu 1890 mayiko a ku Ulaya anasainirana pangano ku Brussels loletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma anasiya mpata woti mfuti zakale ndi onga wamba zizigulitsidwabe. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, boma la atsamunda linayamba kulembetsa mfuti ndi kulipiritsa ziphaso. Zotsatira zake zinali zoti mfuti zamakono zinakhala m'manja mwa boma, makampani ndi azungu a m'maesiteti, pamene mlenje wa kumudzi anatsala ndi gogodela. Otsatira a John Chilembwe ataukira mu January 1915, ambiri anali ndi mikondo, ndipo gulu lina linapita kukathyola sitolo ya African Lakes Corporation ku Mandala, mu Blantyre, pofuna mfuti. Anapezako zochepa chabe.

Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenako anafalikira ku Thyolo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo maesiteti ena odziwika ndi monga Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Makwasa. Eni ndi mamanijala a maesiteti ankasunga mfuti zosakira nyama, zothamangitsira nguluwe ndi anyani m'minda, ndiponso zolondera katundu. Mfuti ndi chida chokhalitsa: ikasungidwa bwino imaposa zaka 70 kapena 100 ikuwombabe. Motero mfuti zambiri zimene zili m'manja mwa anthu wamba ndi zakale, ndipo zida zake zosinthira sizipezeka m'masitolo.

Mfuti zina zinalowa m'njira zosavomerezeka. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, inachititsa kuti anthu pafupifupi miliyoni imodzi athawire m'Malawi, ndipo mfuti za AK-47 zinawoloka malire mbali zosiyanasiyana. Boma la Thyolo limachita malire ndi Mozambique pa mtsinje wa Ruo. Mu December 1993 asilikali analanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, koma ena a gululi anathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo.

Zimene zimachitika mfuti ikamalira

Kuti munthu amvetse chifukwa chake kukonza mfuti kumasiyana ndi kukonza njinga kapena chigayo, ayenera kudziwa mphamvu imene imakhala m'kati mwake. Onga ukayaka umasanduka mpweya wotentha umene ulibe kopita koma kukankha chipolopolo. Mphamvu ya mpweya imayezedwa m'mabar. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa kufika pa mabar 2 kapena 2.5. Mfuti ya zipolopolo zomwazika ya 12-bore imafika pa mabar 740. Mfuti ya .303, imene asilikali a King's African Rifles ankagwiritsa ntchito, imaloledwa kufika pa mabar 3,650, kutanthauza kuti imaposa tayala lija ka 1,400. Zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo chipolopolo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 740 pa sekondi.

Mphamvu yonseyo imakhala patali masentimita ochepa kuchokera pa diso, tsaya ndi dzanja la wowombayo. Chimene chimamuteteza ndi chitsulo cha mpope, chitsulo chotsekera kumbuyo chimene amati bolt, ndi khoko la mkuwa la chipolopolo limene limafufuma n'kutseka mipata yonse. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephera, mpweya wotentha ndi zidutswa za chitsulo zimabwerera kunkhope.

Zimene zimalakwika munthu akakonza yekha

Vuto limene wokonza yekha saliona n'komwe ndi la kampata kamene kamakhala pakati pa bolt ndi malo a mpope amene tsinde la chipolopolo limatsamira mfuti ikatsekedwa. Amisiri amakatchula kuti headspace. Pa mfuti ya .303 muyezo wake uyenera kukhala pakati pa mainchesi 0.064 ndi 0.074. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, ngati kukhuthala kwa mapepala atatu a m'kope. Kampatako kakakula, khoko la chipolopolo limatanuka mpaka kuduka ndipo mpweya umathawira kumbuyo. Munthu amene watenga bolt ya mfuti ina n'kuiika m'mfuti yake chifukwa choti yalowa bwinobwino, wasintha muyezo umenewu osadziwa. N'chifukwa chake pa mfuti za Lee-Enfield nambala ya pa bolt imayenera kufanana ndi nambala ya pa mfutiyo. Opanga Lee-Enfield No. 4 anakonzeratu timitu ta bolt tosiyana utali, tolembedwa manambala kuyambira 0 mpaka 3, kuti mmisiri wa asilikali azisankha koyenera atayeza ndi zoyezera zake. Wopanda zoyezerazo amangolota.

Chachiwiri ndi kachitsulo kokoka powomba, kamene ambiri amangoti trigger. Eni mfuti ambiri amadandaula kuti n'kolimba, ndiye amatenga tupa n'kuyamba kupala. Trigger imagwira ntchito chifukwa cha tizitsulo tiwiri tokolana pa malo aang'ono kwambiri. Pa mfuti zambiri tizitsuloti tinalimbitsidwa pamwamba pokha, m'kati muli chitsulo chofewerapo. Tupa ikachotsa khungu lolimbalo kapena kusintha kapendekedwe ka pokolanapo, mfuti imatha kuoneka ngati yakhala bwino kwa miyezi ingapo. Chitsulo chofewacho chimadyeka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mfuti imalira yokha ikagwa pansi, ikagunda chitseko cha galimoto, kapena munthu akangotseka bolt. Ngoziyi ndi yoipa chifukwa nthawi zambiri imagwera munthu wina, osati wokonzayo. Ngakhale mafakitale akuluakulu amavutika nayo mbali imeneyi. Ku America kampani ya Remington inazengedwa milandu yambiri pa madandaulo oti mfuti zake za Model 700 zimalira popanda kukoka trigger, ndipo mu 2014 inavomera kusintha ma trigger pa mfuti pafupifupi 7.5 miliyoni, ngakhale kuti sinavomere kuti zinali zolakwika. Ngati nkhani yafika potere kwa akatswiri okhala ndi makina oyezera, tupa ya pakhonde siingachite bwino kuwaposa.

Chachitatu ndi moto. Owotcherera zitsulo a pa Thyolo boma, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe ndi aluso pa mageti, mawilibala ndi mafelemu a njinga, koma chitsulo cha mfuti chinatenthedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyezo ku fakitale kuti chikhale cholimba koma chosathetheka. Moto wowotcherera umasokoneza zimenezi: malo ena amafewa, ena amauma ngati galasi. Kunja kumaoneka kosalala, makamaka akapaka penti yakuda, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpope wong'aluka kapena wofufuma suwotchereredwa. Umachotsedwa.

Palinso zolakwika zokhudza zipolopolo. Mfuti zambiri zakale za ku England za 12-bore zinapangidwira zipolopolo za mamilimita 65, pamene zambiri zogulitsidwa masiku ano ndi za mamilimita 70. Chachitalicho chimalowa ndithu, chifukwa utali wake umayezedwa chitatseguka, koma chikalira chimasowa malo otsegukira ndipo mphamvu imakwera. Chipolopolo cha 20-bore chikalowetsedwa mwangozi m'mfuti ya 12-bore chimatsetserekera m'kati mwa mpope n'kukakamira, ndiye wina akaika cha 12-bore pambuyo pake n'kuwomba, mpope umaphulika. Mfuti za Greener, zimene zinkagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi apolisi m'mayiko olamulidwa ndi Britain ndipo zimatchulidwabe m'nkhani za umbanda m'Malawi, zili ndi vuto lakelake: zina mwa izo anazipanga dala kuti zizilandira zipolopolo zapadera zokha, n'cholinga choti wakuba asathe kuzigwiritsa ntchito. Kuzikakamiza kulandira zipolopolo zina ndi kusewera ndi maso ako omwe.

Zina ndi zazing'ono koma zimawononga ndalama: mitu ya masikuluwu yophwanyika chifukwa cha sikuludiraiva yosayenera, mtengo wa mfuti wong'aluka chifukwa chomanga mopitirira, mabowo oikira galasi loonera patali obowoledwa mokhota. Galasi lokhala mokhota limaphonyetsa, ndipo kuphonya ku Thyolo si nkhani yaing'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, limene kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,715 okha, ndipo gawo lalikulu la malowo ndi maesiteti. Midzi inapanikizana m'mphepete mwa minda ya tiyi. Chipolopolo cha .303 chimatha kuuluka makilomita oposa atatu.

Chiperoni ndi dzimbiri

Mdani wamkulu wa mfuti ku Thyolo ndi chinyontho. Mvula imene imakometsa tiyi, pamodzi ndi nkhungu ndi mawawa a chiperoni a m'miyezi yozizira, zimachititsa dzimbiri msanga. Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepoyo imadzera. Mlonda amene wachezera usiku wonse m'nkhungu n'kubweza mfuti m'chikwama chake isanaume, waitsekera pamodzi ndi madzi.

Zipolopolo zakale za asilikali za .303 zimawonjezera vutoli. Kamoto kake koyatsira onga kamasiya mchere m'kati mwa mpope, ndipo mcherewo umakoka chinyontho. Mafuta okha sauchotsa. Asilikali a Britain ankathira madzi owira m'mipope ya mfuti zawo akamaliza kuwomba, kenako n'kuumitsa ndi kupaka mafuta. Mpope umene sunasamalidwe chotere umachita timaenje m'kati, ndipo timaenjeto tikazama khoma la mpope limapyapyala. Apa ndi pamene eni ake ambiri amalakwitsa kawiri: amakwecha m'kati ndi sandipepa kapena waya kuti muwale, n'kupyapyalitsanso khomalo, ndiponso kufafaniza mizere yozungulira imene imapota chipolopolo kuti chiziyenda molunjika.

Mpope umathanso kutsekeka ndi dothi munthu akaterereka pamtunda wa matope, ndi kansalu koiwalika potsuka, kapena ndi mavu omanga chisa cha dothi m'mfuti yokhala nthawi yaitali pakona. Kusuzumira m'mpope wa mfuti yopanda chipolopolo, kuchokera kumbuyo, musanaigwiritse ntchito, ndi chizolowezi chimene chapulumutsa manja ambiri.

Gogodela za masiku ano

Gogodela sizinathe. Zimapangidwabe mobisa m'midzi, ndipo alonda a nyama zakutchire amazilanda kawirikawiri kwa opha nyama mozemba m'malo ngati Lengwe, Liwonde ndi Majete. Nkhalango ya Majete, imene ili m'boma loyandikana nalo la Chikwawa, inali itatheratu njovu pofika 1992, ndipo bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2003.

Gogodela za lero n'zoopsa kuposa za makolo. Zakalezo zinali ndi mipope yopangidwira mfuti ku mafakitale a ku Birmingham ndi Liège, ngakhale kuti inali yotsika mtengo. Za lero zimapangidwa ndi zitsulo zimene sizinapangidwire ntchito imeneyi, zina zokhala ndi msoko m'litali mwake, ndipo palibe amene amaziyesa. Choopsa china ndi onga. Onga wamakono wopanda utsi, umene unayamba ku France mu 1884, uli ndi mphamvu kuposa wakuda, moti ukathiridwa m'gogodela mpope umang'ambika. Ovulala amaduka zala, amapsa nkhope kapena kuchita khungu, ndipo ena amachedwa kupita kuchipatala poopa kufunsidwa ndi apolisi, mpaka chilonda chimanyeka.

Chimene mmisiri amachita mosiyana

Kusiyana kwa mmisiri ndi wokonza yekha sikuli kwenikweni pa luso la manja. Kuli pa kuyeza. Mmisiri amakhala ndi zoyezera headspace za mtundu uliwonse wa chipolopolo, choyezera kukhuthala kwa khoma la mpope, kagalasi kosuzumirira m'kati mwa mpope, sikelo yoyezera kulimba kwa trigger, ndi makina a lathe. Amakhalanso ndi mabuku a miyezo ya fakitale. Akamaliza ntchito amaiyesa mfutiyo, ndipo mbali yofunika kwambiri ya ntchito yake ndi kuuza mwini wake kuti mfuti iyi yatha, isawombedwenso. Mawu amenewo mwini mfuti sadziuza yekha, makamaka ngati inali ya bambo ake.

M'mayiko ena ngakhale ntchito ya mmisiri imayesedwanso ndi ena. Ku London kuli nyumba yoyesera mfuti ya kampani ya amisiri a mfuti imene inakhazikitsidwa mu 1637, ndipo ku Birmingham ina inakhazikitsidwa mu 1813. Mfuti yatsopano, kapena imene mpope wake wasinthidwa kwambiri, imawombedwa ndi chipolopolo champhamvu kuposa cha masiku onse ili m'chipinda chotsekedwa. Ikapirira amaidinda chizindikiro. Bungwe la C.I.P., limene linayamba mu 1914 ndipo likulu lake lili ku Belgium, limafuna kuti mfuti zazitali za chipolopolo chimodzi ziyesedwe ndi mphamvu yoposa ya masiku onse ndi 25 peresenti. Tizizindikiro timene timaoneka pansi pa mipope ya mfuti zakale za m'maesiteti ndi ta mayeso amenewa, ndipo pa mfuti zambiri za 12-bore timasonyezanso utali wa chipolopolo choyenera. Koma chizindikirocho chimanena za mmene mfutiyo inalili tsiku loyesedwa. Mpope ukapalidwa, kuwotchereredwa kapena kudyeka ndi dzimbiri, chizindikirocho chilibenso tanthauzo.

Malamulo

Lamulo lalikulu ndi Firearms Act la 1967, chaputala 14:08 cha malamulo a Malawi. Kaundula wa mfuti amasungidwa ndi apolisi, ndipo mwini mfuti amayenera kukhala ndi chiphaso chimene amachikonzanso chaka ndi chaka. Chiphasocho chimakhala cha mfuti imodzi yodziwika ndi mtundu wake, kukula kwa chipolopolo chake ndi nambala yake. Apa ndi pamene wokonza yekha amagwera m'mlandu asakudziwa: akasintha mpope n'kuika wa chipolopolo china, kapena akafafaniza nambala pokwecha dzimbiri, mfuti imene ali nayo siikugwirizananso ndi zimene zinalembedwa m'kaundula. Kupanga mfuti kapena kukhala nayo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo gogodela nayonso ndi mfuti pamaso pa lamulo. Wogwidwa nayo m'nkhalango yotetezedwa amayankhanso pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene litasinthidwa mu 2017 linafikitsa chilango cha milandu ikuluikulu yokhudza nyama zotetezedwa pa zaka 30 m'ndende.

Pangano la mayiko a SADC lokhudza mfuti ndi zipolopolo linasainidwa ku Blantyre mu August 2001 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. Limafuna kuti mayiko aletse kupanga mfuti mozemba ndiponso kuti mfuti iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake chosafanana ndi ina. Ku South Africa, kumene kuli amisiri ambiri a mfuti m'chigawo chino, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limanena momveka kuti munthu wopanda chiphaso cha umisiri wa mfuti sayenera kusintha utali wa mpope, kukula kwa chipolopolo, nambala ya mfuti, kapena kuichititsa kuti iziwomba kangapo pokoka kamodzi. Ku Britain lamulo la 1968 limaletsa kufupikitsa mpope wa mfuti ya zipolopolo zomwazika kuti ukhale wochepera mainchesi 24. Chifukwa chake n'chodziwika: mfuti yodulidwa imabisika m'jekete, ndipo ndi imene achifwamba amaikonda.

Zimene mwini mfuti angachite yekha

Dandaulo la eni mfuti lili ndi maziko. Mmisiri sapezeka pa Makwasa kapena pa Thekerani, zida zosinthira zimachokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja, ndiponso kutumiza mfuti ku Johannesburg kumafuna zilolezo za mayiko onse awiri. Nthawi zina mtengo wokonzetsera umaposa mtengo wa mfutiyo. Kwa kampani ya esiteti kapena ya alonda, komabe, kuwerengera kwake kumasintha, chifukwa mfuti imodzi imadutsa m'manja mwa alonda angapo pa sabata, ndipo aliyense amailandira pokhulupirira kuti ili bwino. Mlonda akavulala ndi mfuti ya kuntchito, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limafuna kuti alipidwe chipukuta misozi.

Ntchito zimene buku la mfuti limalola mwini wake ndi kutsuka mpope, kuumitsa ndi kupaka mafuta pang'ono, kumanga masikuluwu a mtengo akamasuka, kusintha lamba wonyamulira, ndi kusunga mfuti pamalo ouma otsekedwa, zipolopolo zili pena. Zizindikiro zoti mfuti isiye kaye kugwiritsidwa ntchito ndi izi: makoko a zipolopolo otuluka atang'aluka, atafufuma kapena ali ndi mzere wowala pafupi ndi tsinde, bolt yolimba potsegula mukawomba, mpweya womveka kunkhope, kafufumidwe kapena kambonyo pa mpope, mfuti ya mipope iwiri yogwedera pothyokera pake, ndi loko wotetezera amene sakugwira. Mfuti yotere imachotsedwa zipolopolo n'kutsekeredwa, ndipo mwini wake amafunsa ku polisi ya Thyolo kapena ya Luchenza za munthu wololedwa kuikonza. Ngati yapezeka kuti singakonzekenso, imaperekedwa kwa apolisi kuti ichotsedwe m'kaundula.